Munthu Wakufa Sasayina

Lachiwiri, pa 4 Malichi, 10 koloko m'mawa

Mwana wanga,

Ndakhala pansi kulemba kalatayi mdzukulu wanga Kachiwala atagona, chifukwa akakhala maso amasuzumira chilembo chilichonse n'kumandikonza, ngati kuti kalasi yachitatu ndi yunivesite. Kaya muli bwanji kumeneko ndi mpongozi wanga? Ine ndilipo, mawondo okha ndi amene ayamba mwano. Foni ndaisiya dala. Iwe pa foni umangoti "eya amayi, eya amayi," uku makina ako osokera akulira. Pepala silidula munthu mawu.

Mwana wa mlongo wako sali bwino. Chifuwa chija tinkachithira mankhwala a chimfine si chifuwa ayi, ndi mtima. Adokotala anamuyendetsa kachipangizo kozizira pachifuwa, mtima wake n'kuonekera pa kanema, ukututuma ngati kachule. Akuti muli kachitseko kamene sikatsekeka bwino, magazi amabwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake masitepe khumi ndi awiri a pano amawakwera mopumira katatu. Mapazi atupa, nsapato za sukulu zasiya kulowa. Pogona ndimamuunjikira mapilo atatu, akagona chagada amabanika.

Akuti kukonza n'kotheka. Ku chipatala chachikulu cha kwanuko kukubwera madokotala a opaleshoni ya mtima, ndipo kuno akulemba mayina a ana oti apite. Mndandandawo autseka Lachisanu pa 11 Epulo. Wophonya adikira chaka chamawa. Nditafunsa ngati mdzukulu wanga angafike chaka chamawa, adokotala anayamba kufunafuna cholembera chimene chinali m'manja mwawo.

Tsono chavuta ndi pepala. Anatulutsa pepala lovomereza opaleshoni, ine n'kutambasula dzanja. Akuti ayi agogo, apa pamasayina mayi, kapena bambo, kapena munthu amene khoti linamuika kuti ndiye wolera mwana. Ndinati khotilo linali kuti pamene ndinkachapa matewera? Zaka zisanu ndi chimodzi ndili naye, kuchokera tsiku limene mayi ake anatisiya. Anandiyankha mwaulemu kwambiri, ulemu wa munthu amene wakana kale. Akuti mwana akanafika atakomoka, lamulo limawalola kumuthandiza osafunsa munthu. Koma poti akuyenda yekha, pafunika pepala. Ndiye kuti lamulo limaona mwana amene akufa mofulumira. Wofa pang'onopang'ono ayambe waima pamzere.

Chimene ndikufuna kwa iwe ndi chimodzi. Undifufuzire kumene kuli wowotcherera zitsulo uja amene anakwatira mlongo wako. Ndikudziwa kuti mumalankhulana, usandinamize, ndinakubereka ndine. Usandifunse zambiri.

Mayi ako.

Lachinayi, pa 13 Malichi

Amayi,

Kalata yanu ndalandira. Ife tili bwino, ntchito yokha ndiyo yachuluka, ino ndi nyengo ya mayunifomu. Nkhani ya mwana yatikhudza kwambiri, mpongozi wanu mpaka analira. Tatumiza bulangete lopepuka ndi nsapato zomasuka kuti mapazi asapanikizike.

Za alamu ndaziganizira. Amayi, munthu uja munamuthamangitsa nokha anthu akuona. Maphukusi ake munkabweza osatsegula. Ngati mukufuna kumukokera ku khoti kuti alipire za chipatala, ine musandilowetsemo. Za mayendedwe ndi chakudya ndiona ine, ndine malume ake. Musadzitsitse.

Za pepalalo, bwanji osangosayina? Mnzanga wa shopu yoyandikana nayo akuti zimenezi sayang'anitsitsa. Mupeze nesi wachifundo, mumuuze kuti bambo ake sakudziwika kumene ali, zitha. Inu pakamwa panu pamagonjetsa anthu, chipatala chingakukanikeni?

Mundiuze mmene akudzukira masiku ano. Mumuuze kuti amalume akumusokera diresi la matumba awiri.

Mwana wanu.

Lachiwiri, pa 18 Malichi, 2 koloko masana

Mwana wanga,

Moni ndakupatsa, ngakhale sukuyenera. Masiku asanu ndi anayi kudikira yankho, n'kulandira bulangete. Ndinakupempha munthu, iwe wanditumizira nsapato. Mnzako wa shopu yoyandikana umuuze kuti akadzadwala mtima adzang'ambidwe ndi nesi wachifundo.

Ukuti pakamwa panga pamagonjetsa anthu. Zimitsa makinawo umve chimene panachita.

Zaka zitatu zapitazo, tsiku loyamba kupita naye ku chipatala cha kuno, tinaima pa windo kutsegulitsa fayilo. Kalaliki anafunsa osadzutsa mutu: "Mayi a mwana?" Ndinati anamwalira. "Bambo?" Ndinati, "Anafanso." Mawuwo anatuluka okha ngati chitsokomolo. Kumbuyo kunali mzere wautali, ndipo sindinafune kufotokozera munthu wotafuna chingamu kuti mwana wanga anatsirizika akuyang'ana kukhomo, mwamuna wake ali kutsidya la malire akuwotcherera mageti a eni, n'kudzafika maliro atatha dzulo lake, atanyamula chidole. Kalaliki analemba. Kachiwala anali atagwira siketi yanga. Anamva. Sanandifunse, inenso sindinakonze.

Lero ndinapita ku ofesi ya maloya othandiza anthu osauka, kuseri kwa khoti. Kachipinda kakang'ono, mafayilo mpaka kudenga, fani yongokongoletsa. Muli mayi wina wa magalasi ochindikala, wamng'ono kwa iwe. Anawerenga mapepala a chipatala n'kumwetulira.

"Agogo, nkhani yanu ndi yosavuta. Mwana ndi wamasiye, wolera ndinu nokha. Mubweretse chikalata cha imfa ya mayi ndi cha bambo, mulumbire apa, woweruza akupatsani udindo masabata awiri asanathe."

Ndinati cha bambo chinasowa.

"Palibe kanthu. Mungolumbira kuti anamwalira liti, ndipo anaikidwa kuti."

Anandipatsa cholembera. Mwana wanga, ine kunama ndinanamapo. Bambo ako ndinawanamiza zaka makumi atatu kuti amaimba bwino. Koma kutchula manda a munthu amene akudya ndi kusamba, dzanja linakana. Ndinati, "Mayi, nanga zitakhala kuti sanafe kwenikweni?"

Anavula magalasi. "Agogo, ali moyo kapena ayi?"

Ndinamuuza zonse. Sanandikalipire, bola akanatero. Akuti ndikanalumbira bodza ukanakhala mlandu, ndipo tsiku loululika pepala lonse likanagwa, mwana n'kuchotsedwa pamndandanda. Akuti bambo wamoyo khoti silimudumpha. Liyenera kumudziwitsa, kumudikira ayankhe, ndipo imeneyo ndi miyezi. Njira yachidule ndi yoti mwini wakeyo avomereze opaleshoni.

Ndinatuluka n'kukhala pa khonde la khoti kanthawi. Anthu onse amene anali pamenepo anabwera awiriawiri, wina wolira wina womutonthoza. Ine ndinali ndi ambulera.

Ndiye wamva. Chuma chake sindikuchifuna. Ndinamuphera pa windo, ndikufuna undidzutsire. Kwatsala masiku makumi awiri ndi anayi. Pepala la chipatala ndaika momwemu. Ulitumize lero, mayunifomu sathawa.

Diresilo lisathine pachifuwa.

Mayi ako.

Lachinayi, pa 27 Malichi

Amayi,

Ndikupereka moni mwaulemu. Ndikhulupirira mawondo akupepukirako, alamu anandiuza. Dzina langa mukulidziwa, koma sindikudziwa ngati mungafune kuliona, ndiye ndingoti ndine bambo wa mwana.

Kalata ya alamu yandipeza dzulo ku ntchito. Pepala ndinasayina nthawi yomweyo, nditalitsamiritsa pa chitseko cha galimoto, abwana anga n'kusayinanso ngati mboni. Pepani, pakona padontha girisi.

Kuwerenga ndinawerenga pambuyo pake. Pamwamba, pamene anakopera za mwana, pa mzere wa bambo palembedwa kuti malemu. Ndinayamba ndaseka. Anzanga anafunsa chimene ndikuseka. Ndinatsitsa chophimba kumaso chija timavala powotcherera, n'kukhala momwemo kanthawi.

Sindikukutsutsani. Ndinachedwa tsiku lija, ndipo chifukwa chilichonse chimene ndingapereke n'chaching'ono. Munati ndisadzapondenso pakhomo panu, ndinamvera. Ndinkayesa ndi ulemu. Tsopano ndikuona kuti ambiri anali mantha.

Ndili ndi mafunso awiri okha. Kodi mwanayo akumva kuwawa? Nanga iyenso amadziwa kuti ndine malemu?

Alamu akuti mumamutchula Kachiwala chifukwa cha timiyendo. Ine ndinamusiya ali wonenepa, masaya otuwa ndi mkaka. Ndikuyesa kumuona m'mutu mwanga, sizikutheka.

Ine,
bambo wa mwana.

Lachinayi, pa 3 Epulo, 4 koloko madzulo

Bambo a mwana,

Moni. Ndalembera inu mwachindunji, adiresi ndaitenga pa envelopu. Mumalemba zooneka bwino kuposa mwana wanga telala uja, chimenecho ndivomere.

Pepala lanu alikana. Ndinapita nalo Lachiwiri ku ofesi ya chipatala. Mkulu wa mafayilo ndi bambo wa dazi amene amanyambita chala asanatembenuze tsamba lililonse. Anayang'ana siginecha yanu, anayang'ana fayilo, kenaka n'kuyang'ana ine.

"Agogo, wasayina apayu ndani?"

"Bambo ake."

"Bambo ake anamwalira."

"Apezako bwino."

Sanaseke. Akuti munthu wakufa sasayina, ndipo akalandira pepala lotere, mawa gogo aliyense abwera ndi siginecha ya kumanda. Umboni wa abwana anu akuti suwerengedwa poti sakuwadziwa. Ndinamuuza mawu ena okhudza dazi lake amene sindiwalemba pano.

Ndinabwerera kwa mayi wa magalasi, loya uja akundithandiza. Dzulo ndalumbira. Ndinaimika dzanja pamaso pa munthu wa chidindo, n'kunena kuti ine uje ndinanama pa windo la chipatala. Anandiwerengera mokweza kawiri konse, pa benchi pali anthu asanu ndi atatu, wina mpaka anasiya nthochi ili pakamwa. Fayilo aikonza. Mwauka.

Koma poti munafapo kamodzi, pepala lochokera kutali sakulikhulupiriranso. Akuti mukanatha kukalumbira ku ofesi ya boma komweko, koma mapepala ake amadutsa m'maofesi atatu, afika mndandanda atautseka. Ndiye mubwere nokha ndi chiphaso chanu, akuoneni nkhope, musayine iwo akupenya. Chikalata cha kubadwa kwa mwana chili ndi ine. Dzina lanu lilipo, pamenepo pokha sindinafikepo. Tsiku ndi Lachisanu pa 11, isanakwane 12 koloko masana.

Tsopano mafunso anu. Kuwawa samva kwambiri, amangotopa. Chimene chimamupweteka n'choti anzake amadumpha chingwe pansi pa windo lathu, iye n'kumangowawerengera.

Funso lachiwirilo. Ndamuuza m'mawa uno ndikumupesa tsitsi, chifukwa popesa anthu saonana maso. Ndinati bambo ako ali moyo, ndinanama ndine. Ndinamaliza mbali imodzi. Kenaka anati, "Nanga amayi?"

Anafunsa ngati munthu amene akudikira kuti ndimutsegulirenso phukusi lina. Ndinati ayi, za amayi ako n'zoona.

Anati, "Ndidziwa bwanji?"

Moyo wanga wonse ndakangana ndi eni nyumba, madalaivala, aphunzitsi, ndipo palibe amene anapita ndi mawu otsiriza. Mwana uyu wapita nawo. Ananditengera chipeso, mbali inayo wapesa yekha. Tili m'chipinda chimodzi, koma kuyambira m'mawa ndikungomva wotchi.

Ndinati musadzaponde pakhomo panga. Pondani. Tinasamuka, tsopano tili pamwamba pa sitolo ya utoto moyang'anana ndi siteshoni ya basi, chitseko chobiriwira chachiwiri kumanzere.

Ine,
apongozi anu.

Lachitatu, pa 9 Epulo

Amayi,

Moni. Ndikulemba mothamanga, ndipatsira woyendetsa basi kuti ikupezeni mawa.

Ndinaimba ku ntchito kwa alamu. Anayankha ndi abwana awo, atakwiya. Akuti kalata yanu inafika Lolemba, alamu anapempha tchuthi, iwo anawakaniza chifukwa pali geti la kasitomala wamkulu, ndipo anawauza kuti akachoka asadzabwerenso. Dzulo sanaoneke ku ntchito. Kuchipinda kwawo kuli loko, foni ndi yozima.

Kaya anyamuka kubwera kumeneko, kaya athawa manyazi, sindikudziwa. Ulendowo ndi wa masiku awiri ngati pa malire sipavuta. Ndati ndikuuzeni kuti mtima muugwire. Mwanayo musamulonjeze kanthu.

Masiku asanu ndi anayi aja ndinataya ndine. Ndimawawerenga tsiku lililonse ndili pa makina.

Mwana wanu.

Lolemba, pa 14 Epulo, 9 koloko m'mawa

Mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi mpongozi wanga. Galimoto ya chipatala yanyamuka 7 koloko, ikufika kwanuko madzulo ano. Kachiwala alimo. Ine ndikanalemba bwanji kalata ndikanakhala kuti ndilimo?

Lachisanu tinakhala pa benchi la ofesi ya mafayilo kuyambira 8 koloko. Kalata yako inali m'chikwama, koma mwanayo ndinali nditamuuza kale, mabodza anandithera. Munthu wamwamuna aliyense akatulukira pakona, amandiyang'ana, ine n'kupukusa mutu. Ndinapukusa mutu kwa wokolopa, kwa wogulitsa nyuzipepala, kwa m'busa wina wonenepa. Itadutsa 11 koloko, bambo wa dazi anatuluka kudzationa, n'kubwereramo.

Kutatsala mphindi makumi awiri kunabwera munthu wowonda, wa imvi m'mbali, fumbi mpaka m'nsidze, atanyamula kachikwama ka pulasitiki. Ndinapukusanso mutu. Ndinamuzindikira ataima patsogolo panga n'kuvula chipewa. Zaka zonsezi ndakhala ndikukwiyira mnyamata wonenepa wovala malaya a maluwa. Munthu ameneyo kulibe, sindikudziwa kuti ndinkakwiyira ndani.

Bambo wa dazi anatenga chiphaso, anayang'ana chithunzi, anayang'ana nkhope, katatu.

"Ndinu malemu aja?"

"Ndine, bwana. Pepani ndachedwa, pa malire panali mzere."

Anasayina. Chidindo chinagwa. Dzina la mwana ndi lachisanu ndi chinayi pamndandanda, ndinaliona ndi maso anga, opaleshoni ndi Lachinayi. Ndinkayesa pepala limene landiyendetsa mwezi wathunthu litenga nthawi. Silinathe ngakhale mphindi imodzi.

Kenaka anatiuza zotsala. M'galimoto muli malo a mwana mmodzi ndi wamkulu mmodzi. Mu wodi chimodzimodzi, mpando ndi umodzi pa bedi lililonse. Ndipo wokhalapo akhale amene wasayina, chifukwa madokotala akhoza kufuna chilolezo china mwadzidzidzi. Alamu ako anati, "Apite agogo, ndi amene akumudziwa. Ine sindidziwa ngakhale chimene amadya." Bambo wa dazi anati akumvetsa, koma agogo alibe pepala. Sindinamutukwane. Mayi wa magalasi akuti tikhoza kupempha khoti kuti inenso ndilembedwe ngati wolera, poti bambo ake akuvomera. Akuti zidzatuluka mvula ikadzayamba. Zikomo kwambiri.

Masiku atatuwa alamu ako anagona pansi pafupi ndi chitseko. Ntchito yawathera, sananene, koma munthu wa tchuthi sanyamula magolovesi ake onse. Anakonza chotsekera windo chimene chinandivuta zaka ziwiri. Tinalankhulana za mvula ndi za mtengo wa utoto. Mwanayo tsiku loyamba ankangowayang'ana. Tsiku lachiwiri anawagwira dzanja n'kuyamba kuwerenga zipsera za moto, anapeza makumi atatu ndi chimodzi. Dzulo ndinawamva akuseka awiriwiri pa masitepe, atamubereka. Ine kumubereka ndinasiya chaka chatha, mawondo.

M'mawa uno atakhala kale m'galimoto, Kachiwala anatsitsa galasi.

"Ndikabwera ndidzakupezani?"

"Udzandipeza."

"Zoona?"

"Zoona."

"Lumbirani."

Ndinaimika dzanja pakati pa msewu, njinga zikundiimbira belu. Dalaivala ankayesa ndikutsanzika.

Ndabwerera kuno. Ndaphika tiyi wa anthu awiri mosadziwa. Ana a pansipa apita ku sukulu, ndiye kuli zii. Ndasesa kawiri.

Pali zinthu zimene ndinalephera kuwauza alamu ako pamaso. Ndizilembe pano.

Kapiritsi kakang'ono koyera Kachiwala amakabisa pansi pa lilime n'kukalavulira m'thumba. Azimutsegulitsa pakamwa, ndipo matumba a diresi lako azisecha onse awiri. Akanena kuti "ndili bwino" mofulumira, ayang'ane milomo, ikada aitane nesi, asamufunse kawiri. Jakisoni amaopa, koma asamugwire mikono, amachita manyazi. Amusiye awerenge yekha mokweza, amafika pa seveni zitatha. Mapilo akhale atatu, akakana kuwapatsa apinde bulangete lako lija. Sagona ngati munthu sanamugwire phazi lakumanzere, osati kulisisita, kungoligwira. Akadzatsitsimuka Lachinayi n'kufunsa za ine, asamuuze kuti ndili panja kapena ndikubwera. Amuuze kuti ndili kunyumba, ndikudikira.

Ndipo chimene chidzachitike tsiku limenelo andilembere mmene chilili, chabwino kapena choipa, asachithire shuga. Ndikudziwa kuti munthu ngati ine sayenera kupempha zoona kwa iwo. Ndikupempha basi.

Ukawerenga usaiike pansi pa nsalu zako n'kuiwala. Upite nayo mawa m'mawa ku wodi ya ana a mtima, uipereke m'manja mwa alamu ako yonse, ndi pamene ndawanena pomwe. Akakuletsa pa geti upatse mlonda, mlondayo apatse nesi, nesiyo afunefune bambo wa manja a zipsera amene wakhala pambali pa kamtsikana kowonda kokonza anthu chilankhulo. Ifike Lachinayi lisanakwane.

Mayi ako.